MATTHEW LOCKE, MMISIRI WA MAGULE A NSAMBO

Aliyense amene adakulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adziwa kuti gule wabwino sathera pa sitepe imodzi. Anyamata a mganda akamalowa m'bwalo amayamba mofatsa, ali pamzere, kenaka ng'oma imasintha, mapazi nafulumira, mpaka fumbi likwera ndipo amayi ayamba nthungululu. Mtsogoleri wanzeru ndiye amene adziwa choyenera kuyamba, choyenera kutsata ndi choyenera kutsiriza. Angerezi akale nawonso adali nalo luso lotere, koma iwo m'malo mwa ng'oma ndi mabadza ankagwiritsa ntchito zoimbira za nsambo, ndipo magule awo ankawalemba papepala, nawamanga anayianayi ngati mitolo ya nkhuni. Mtolo wotere ankautcha suite. Lero tifuna kukusimbirani, awerengi okondedwa, mbiri ya mmodzi mwa amisiri otsogola a ntchito imeneyi, Matthew Locke, munthu amene adaona nkhondo, mliri ndi moto, amene adatumikira mfumu yosakonda nyimbo zimene iye ankazikonda koposa, ndiponso amene adasankha kukhala Mkatolika m'dziko limene Ukatolika udali mlandu.

Ubwana wake ku Exeter

Matthew Locke adabadwa cha m'ma 1622, ndipo adakulira mumzinda wa Exeter, m'chigawo cha Devon, kumwera chakumadzulo kwa England. Ali mwana adalowa m'kwaya ya tchalitchi chachikulu cha Angilikani mumzindamo. Ana a kwaya yotere ankaimba mapemphero a m'mawa ndi a madzulo tsiku ndi tsiku, ndipo ankaphunzira kuwerenga nyimbo, kuimba limba ndi kuliza zoimbira za nsambo. Mphunzitsi wawo adali Edward Gibbons, mkulu wake wa Orlando Gibbons, wopeka nyimbo wotchuka uja amene adamwalira mu 1625. Motero mnyamatayu adayamwa nyimbo zakale za Angerezi kwa anthu amene adazidziwa kuchokera kumizu.

Chizindikiro choyamba chimene adatisiyira si nyimbo ayi, koma dzina lake. Pa khoma la miyala limene limba la tchalitchicho lidakhalapo, iye adazokota dzina lake pamodzi ndi chaka cha 1638, ndipo patapita zaka zitatu adazokotanso malemba oyamba a maina ake ndi chaka cha 1641. Mphunzitsi aliyense wa kwathu kuno adziwa mtundu wa mwana amene amalemba dzina lake pa desiki la sukulu. Kawirikawiri mwana wotere sakhala wamanyazi, ndipo Locke sadakhale wamanyazi moyo wake wonse.

Nkhondo ya pachiweniweni

M'chaka cha 1642 mudabuka nkhondo pakati pa Mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo. Mzinda wa Exeter udagwa m'manja mwa ankhondo a mfumu mu 1643, ndipo mu June 1644 Mfumukazi Henrietta Maria, imene idali Mkatolika, idabalira mwana wamkazi mumzinda momwemo. Koma mu April 1646 mzindawo udadzipereka kwa ankhondo a Nyumba ya Malamulo, ndipo pa 30 January 1649 mfumu idadulidwa mutu ku London.

Kwa anthu odya za nyimbo zaka zimenezi zidali ngati chilala. Opambana pa nkhondo, amene ankatchedwa ma Puritan, sankafuna makwaya kapena malimba m'nyumba ya Mulungu. Mu 1644 adalamula kuti malimba achotsedwe m'matchalitchi, ndipo makwaya a matchalitchi aakulu adabalalitsidwa. Nyumba za masewero zidali zitatsekedwa kale mu 1642. William Lawes, wopeka nyimbo amene mfumu inkamukonda kwambiri, adaphedwa pa nkhondo pafupi ndi Chester mu 1645. Ngakhale tchalitchi cha ku Exeter m'mene Locke adakuliramo chidagawidwa pakati ndi khoma la njerwa mu 1657, kuti mipingo iwiri yosiyana izipemphera uku ndi uku. Mnyamata amene adaphunzira ntchito ya m'tchalitchi kuyambira ubwana adapeza kuti ntchitoyo kulibenso.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. M'chaka cha 1648 Locke adali kutsidya kwa nyanja, m'dera limene lero kuli maiko a Netherlands ndi Belgium, kumene Angerezi ambiri a mbali ya mfumu adathawirako. Kumeneko adakhala pansi nakopera ndi dzanja lake nyimbo zachipembedzo za m'Chilatini zopekedwa ndi Ataliyana, ndipo mapepalawo alipo mpaka lero, olembedwa chaka ndi malo. Pofika 1651 adali atabwerera kwawo.

Zoimbira zake ndi magule ake

Tsono kuti timvetse ntchito ya munthuyu tiyenera kudziwa zoimbira zimene ankalembera. Ma Puritan adaletsa nyimbo m'tchalitchi koma m'nyumba za anthu sadaziletse, ndipo m'nyumbamo mfumu ya zoimbira idali viol. Viol ndi mbale wake wa kaligo wathu, pakuti zonse ziwiri zimalira pokwecha nsambo ndi uta. Kusiyana kwake ndi kwakuti kaligo ali ndi nsambo imodzi pamene viol ali nazo 6, ndipo pa khosi pake amamangapo timizere tosonyeza popondereza zala. Woimba amakhala pampando, naimika viol pa maondo kapena pakati pa miyendo. Mau ake ndi ofatsa, osaboola khutu ngati a vayolini. Banja lopata bwino linkasunga ma viol 6 m'bokosi limodzi: awiri aang'ono a mau okwera, awiri apakati ndi awiri aakulu a mau otsika. Madzulo eni nyumba, ana awo ndi alendo ankazungulira tebulo, aliyense ndi kabuku ka mau ake, naimba kuti adzikondweretse okha. Gulu lotere ankalitcha consort.

M'chaka cha 1651 mphunzitsi wina wa nyimbo, William Wake, adapempha Locke kuti alembere ophunzira ake nyimbo zosavuta. Locke adalemba mitolo 10 ya oimba atatu, ndipo mtolo uliwonse udali ndi magule anayi otsatana mosasintha. Woyamba ndi pavan, gule wolemera ndi woyenda pang'onopang'ono ngati akuluakulu polowa pabwalo la mfumu. Wachiwiri ndi ayre, wopepukirapo, wa nyimbo yokoma yosavuta kuikumbukira. Wachitatu ndi courante, amene amagunda katatukatatu, ndipo amaterereka mosokoneza phazi la munthu wosazolowera. Wotsiriza ndi saraband, amene ku England masiku amenewo adali wamfupi ndi wofulumira, wotsekera bwalo mwachangu. Magule anayiwo ankamangidwa pa liwu limodzi la maziko, kotero kuti womvera ankazindikira kuti ndi ana a mimba imodzi ngakhale mayendedwe awo ndi osiyana. Nyimbo 40 zimenezi zidasindikizidwa mu 1656 ndi John Playford wa ku London, pa dzina lakuti Little Consort of Three Parts.

Tisaganize kuti anthu ankanyamuka kuvina magulewa. Iwo adali magule a khutu. Mapazi adali atawasiya kale, koma kagundidwe kake kadatsala, ndipo mmisiri ankasewera nako monga woumba amasewera ndi dothi. Pa mau oyamba a bukulo Locke adaonetsa mtima wake poyera. Adadzudzula Angerezi onyoza za kwawo ndi kutama zakunja zokhazokha, nanena kuti kupatula magule owerengeka a Afalansa iye sadaonepo nyimbo ya zoimbira yochokera kunja yoyenera kuti Mngerezi aikopere. Mau amenewa adali opyola muyeso, makamaka kwa munthu amene adakopera yekha nyimbo za Ataliyana, koma adatuluka mumtima wokonda za makolo ake.

M'mitolo yake yaikulu Locke ankaika patsogolo nyimbo ya mtundu wina yotchedwa fantasia, imene si gule konse. Kwathu kuno tidazolowera kuti mmodzi atsogolere nyimbo ena navomera. Mu fantasia onse ndi atsogoleri, koma molandizana: woyamba ayamba kanyimbo, asanamalize wachiwiri akayambanso pa mau ena, kenaka wachitatu ndi wachinayi, ndipo mau onsewo amalukana ngati nsungwi za lichero. Fantasia ya Locke imadziwika msanga, chifukwa nyimbo yake imalumpha modzidzimutsa kuchoka pansi kufika pamwamba, mau amawombana mwadala asanagwirizane, ndipo liwiro limasintha munthu asakuyembekezera. Anthu ena a nthawi yake ankati nyimbo zake ndi zaukali. Oimba a masiku ano amati ukali umenewo ndiwo mchere wake.

Chikhulupiriro ndi banja

Pofika zaka za m'ma 1650 Locke adali atalowa mu Mpingo wa Katolika. Kwa ife lero kutembenuka kotere ndi nkhani ya munthu, banja lake ndi bambo mfumu wa parishi yake, koma ku England nthawi imeneyo kudali kudzisenzetsa katundu wolemera. Kuyambira 1581 munthu wokana kupita ku mapemphero a mpingo wa boma ankayenera kulipira mapaundi 20 pa mwezi, ndalama imene munthu wamba sankaipeza ngakhale pa chaka. Lamulo la 1585 lidati wansembe wodzozedwera kunja akapezeka m'dzikomo ndi woukira mfumu, ndipo chilango chake chidali imfa. Misa inkachitika mobisa, m'zipinda za nyumba za mabanja olimba mtima.

Limodzi mwa madera kumene Akatolika adatsalako ambiri ndi Herefordshire, kumalire a Wales, dziko la mapiri ndi zigwa. Kumeneko Locke adakwatira mwana wa banja la Garnons, ndipo mu 1654 dzina lake lidalembedwa m'makalata a milandu ku Hereford monga munthu wa chipembedzo cha Papa. Gulu lina la mitolo yake, lotchedwa Flat Consort, adalilemba kuti ndi la mbale wake wa dzina la Kemble. Dzina limeneli lidali la banja la Chikatolika la m'dera lomwelo, m'mene mudatuluka wansembe John Kemble, amene adatumikira Akhristu a kumeneko mobisa zaka zoposa 50.

Ku London ndi kubwera kwa mfumu

Popeza masewero adali oletsedwa, anthu ochenjera adapeza njira yolambalala: sewero likaimbidwa lonse, ankati ndi nyimbo, si sewero. Mu 1653 sewero la James Shirley lotchedwa Cupid and Death lidaonetsedwa pamaso pa kazembe wa dziko la Portugal, ndipo nyimbo zake zimene zidatifika, za mu 1659, ndi za Locke ndi mnzake Christopher Gibbons, mwana wa Orlando. Mu 1656 William Davenant adaonetsa The Siege of Rhodes, imene ambiri amaiwerenga ngati opera yoyamba ya Angerezi. Locke adapeka gawo lina la nyimbo zake, ndiponso adaimba yekha pabwalo monga mkulu wa zombo za nkhondo. Nyimbo za seweroli zidatayika zonse.

Oliver Cromwell atamwalira mu 1658 boma la ma Puritan lidayamba kugwedezeka. Samuel Pepys, kalaliki wa boma amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, adasimba za madzulo a pa 21 February 1660. Tsikulo aphungu amene adapirikitsidwa kale adabwerera m'Nyumba ya Malamulo, ndipo anthu adadziwa kuti ufumu uli pafupi kubwerera. Pepys adakhala m'nyumba yomwera khofi pafupi ndi mtsinje wa Thames pamodzi ndi Locke ndi bambo wina wa banja la Purcell. Adaimba nyimbo za Chitaliyana ndi za Chisipanishi, ndiponso nyimbo ya mau 8 yopempherera mfumu, imene Locke adali atangoipeka, uku akuonera pazenera malawi a moto wachikondwerero mumzinda wonse ndi kumva mabelu akulira.

Charles II adafika ku London mu May 1660, ndipo Locke, amene adali ndi zaka pafupifupi 38, adalandira maudindo motsatizana. Adakhala wopeka nyimbo za m'zipinda za mfumu, wopeka nyimbo za gulu la mavayolini, ndiponso wopeka nyimbo za oliza malipenga. Nyimbo zake za malipenga za mu 1661, chaka chimene mfumu idavekedwa chisoti pa 23 April, zimaimbidwabe ndi magulu a malipenga mpaka lero. Mwana uja wozokota pa khoma adali atafika pamwamba penipeni pa ntchito yake.

Mfumu yosakonda za makolo

Koma pamwamba pomwepo ndi pamene padali munga. Charles II adakhala zaka zambiri ku France, ndipo adabwerako ndi khutu la Chifalansa. Mfumu ya France idali ndi gulu la mavayolini 24, tsono nayenso adafuna gulu lotere. Roger North, loya amene adalemba zambiri za nyimbo za nthawiyo, adasimba kuti mfumuyi inkadana ndi fantasia, ndipo inkafuna nyimbo yokhayo imene ikadatha kuitsata pogunda dzanja kapena phazi. Nyimbo imene Locke adaiyamwa ku Exeter, imene adaidziwa kuposa wina aliyense wa msinkhu wake, idasanduka tsobola wakale amene sawawa.

Locke adachita ziwiri. Adapatsa mfumu zimene inkafuna, pakuti adalembera gulu la mavayolini magule ambiri opepuka. Koma za makolo sadazitaye. Mu 1661 adalemba mitolo 6 yotchedwa Broken Consort, m'mene adasakaniza mavayolini atsopano ndi viol wamkulu wakale, ndipo mtolo uliwonse adauyamba ndi fantasia, kenaka courante, ayre ndi saraband. Zidali ngati munthu wophika ndiwo ziwiri mumphika umodzi kuti mlendo ndi mwini mudzi akhute onse. Pamwamba pa zonse adalemba mitolo ina 6 ya oimba anayi, Consort of Four Parts, imene ndiyo ntchito yake yaikulu koposa. Roger North adaitama kuti idali yaulemerero, yolembedwa m'njira yakale, ndipo adaiwerenga ngati yotsiriza ya mtundu wake.

Nyimbo zimenezi Locke adazikopera mosamala ndi dzanja lake m'buku limodzi lalikulu, akuzikonza ndi kuzikonzanso pa zaka zambiri, ndipo mu 1672 adapereka bukulo kwa mfumu. Tangoganizani, awerengi: munthu kupereka chuma cha moyo wake wonse kwa mfumu imene aidziwa bwino kuti siikonda chumacho. Komabe mphatso imeneyo siidapite pachabe, pakuti bukulo lidapulumuka, ndipo lero likusungidwa ku British Library mumzinda wa London.

Woimba limba wa Mfumukazi

Mu May 1662 mfumu idakwatira Catherine wa ku Braganza, mwana wa mfumu ya Portugal. Pangano la ukwati lidalola mfumukazi kukhala ndi tchalitchi chakechake cha Katolika, ndi ansembe ake ndi oimba ake, poyamba ku St James ndipo pambuyo pake ku Somerset House. Locke adasankhidwa kukhala woimba limba m'tchalitchimo. Awa adali amodzi mwa malo owerengeka mu England monse kumene Mkatolika ankatha kumva Misa poyera popanda mantha, ndipo kwa Locke adali malo amene ntchito yake ndi chikhulupiriro chake zidakumana. Adapekanso nyimbo zachipembedzo za m'Chilatini, zimene zina zilipo mpaka lero.

Ngakhale kumeneko mtendere sudali wokwanira. Roger North adasimba kuti oimba a Chitaliyana a m'tchalitchimo sadakonde kaimbidwe ka Locke, nafuna munthu wa kwawo. Motero limba lalikulu lidapatsidwa kwa Mtaliyana, ndipo Locke adatsala ndi kalimba kakang'ono pambali, akuimba nawo pamenepo. Kwa munthu amene adalemba kuti za Angerezi sizichepa pamaso pa za alendo, ichi chidali chipongwe chowawa. Koma udindowo sadausiye mpaka imfa yake.

Mu 1665 mliri waukulu udagwa mu London ndi kupha anthu miyandamiyanda, ndipo mfumu ndi anthu ake adathawira ku Oxford, kumene Locke adapekera nyimbo sukulu ya nyimbo ya pa yunivesite. Chithunzi chake chojambulidwa pamanja chikusungidwa ku Oxford komweko. Mu September 1666 moto udapsereza gawo lalikulu la London.

Lilime lakuthwa

Mbiri yoona siibisa zofooka za mwini wake. Locke adali wosachedwa kupsa mtima, ndipo cholembera chake chidali chakuthwa ngati lumo. Ngakhale adali Mkatolika, ntchito yake idamufunanso kupekera nyimbo tchalitchi cha mfumu cha Angilikani. Pa mapemphero awo wansembe ankawerenga Malamulo Khumi, ndipo pakutha pa lamulo lililonse kwaya inkayankha kupempha chifundo, pa nyimbo imodzimodzi. Locke adapeka nyimbo yosiyana pa yankho lililonse. Oimba sadakondwere nacho chachilendochi, ndipo pa 1 April 1666, pamaso pa mfumu, adaiwononga nyimboyo. Locke sadameze mate. Adaisindikiza nyimboyo kuti dziko lonse liweruze, naikapo mau oyamba odzudzula adani ake kuti ndi mbuli zansanje. Komabe mu August chaka chomwecho kwaya yomweyo idaimba nyimbo yake ina yaikulu, ya makwaya atatu ndi zoimbira, yothokoza Mulungu chifukwa cha kupambana pa nkhondo ya panyanja yolimbana ndi Adatchi.

Mkangano wina udabuka mu 1672. Thomas Salmon, mnyamata wophunzira wa ku Oxford, adalemba buku lonena kuti zizindikiro zambiri zimene zimaikidwa pachiyambi pa mizere ya nyimbo zimangovutitsa ophunzira, ndipo adapereka njira yapafupi. Locke adamuyankha ndi mabuku awiri, mu 1672 ndi mu 1673, odzaza ndi chitonzo. Njira ya Salmon siidalandiridwe, koma tiyenera kuvomera kuti mnyamatayo sadalakwe kotheratu, pakuti zambiri mwa zizindikiro zimene Locke ankaziteteza oimba a makwaya adazisiya pambuyo pake. Luso lalikulu silimuchititsa munthu kukhoza pa mlandu uliwonse.

Zaka zotsiriza

M'chaka chomwecho cha 1673 Locke adatulutsa buku lotchedwa Melothesia, lokhala ndi nyimbo za limba ndi malangizo a momwe woimba limba angadzazire mau apakati poona mau otsika okha. Mwa malangizo otere osindikizidwa ku England amene adatifika, awa ndiwo akale koposa. Mu 1674 adapeka nyimbo za zoimbira za sewero la The Tempest, lochokera ku sewero la Shakespeare. M'nyimbo yotsegulira chinsalu adajambula namondwe wa panyanja ndi nsambo zokha, ndipo adalembera oimba m'Chingerezi kuti ayambe motsitsa, akweze mau pang'onopang'ono, afike pa ukali, kenaka atsike ndi kuchedwa mpaka bata. Amene adaonapo mvula ikuchokera ku nkhalango ya phiri la Ntchisi, kuyamba ndi kamphepo, kufika pa mabingu, ndi kutha ndi madontho a patsindwi, adziwa chimene munthuyu ankafuna. Malangizo otere ndi ena mwa oyambirira m'nyimbo za Angerezi. Mu 1675 adapeka nyimbo za sewero la Psyche, nazisindikiza pa dzina lakuti The English Opera, kusonyezanso kuti Mngerezi angathe zimene Mtaliyana ndi Mfalansa amatha.

Koma mitambo inali kuda pa Akatolika. Lamulo la 1673 lidati aliyense wa udindo m'boma alandire mgonero wa Angilikani ndi kukana poyera chiphunzitso cha Katolika cha Ukaristia. Ngakhale James, mng'ono wake wa mfumu, adatula udindo wake wa mkulu wa zombo chifukwa cha lamuloli. Locke adakhalabe pa limba la mfumukazi.

Adamwalira ku London mu August 1677, ali ndi zaka pafupifupi 55. Chaka chotsatira munthu wabodza Titus Oates adapeka nkhani yakuti Akatolika akukonza chiwembu chopha mfumu, ndipo anthu a m'nyumba ya mfumukazi, ngakhale mfumukazi imene, adanamiziridwa. Anthu osalakwa adaphedwa. Mmodzi mwa iwo adali wansembe John Kemble uja, amene adanyongedwa ku Hereford pa 22 August 1679 ali nkhalamba ya zaka 80, ndipo Papa Paulo VI adamulengeza kukhala woyera mu 1970. Locke masiku oopsawa sadawaone.

Mbewu imene adasiya

Udindo wake wa wopeka nyimbo za mavayolini udapatsidwa kwa mnyamata wa zaka 18, Henry Purcell, wa banja lomwe lija la m'nyumba ya khofi. Purcell adapeka nyimbo ya maliro yolira Locke monga bwenzi lake lolemekezeka, ndipo pambuyo pake adatchuka kuposa Locke yemwe. Mu 1680 mnyamatayu adachita chinthu chodabwitsa: adakhala pansi napeka ma fantasia a ma viol, nyimbo zimene mfumu sinkazifuna ndipo palibe amene akadazigula. M'menemo mumamveka kulumpha kuja ndi kuwombana kwa mau kuja kwa Locke. Atatha iye, ma viol adatsekeredwa m'mabokosi, ndipo patapita nthawi adaleka kumveka.

Adadzukanso cha m'ma 1890, pamene Arnold Dolmetsch adapeza nyimbo zakalezi m'nyumba zosungira mabuku ku London, nayamba kukonza ma viol akale ndi kuphunzitsa banja lake kuwaliza. Mu 1971 ndi 1972 Michael Tilmouth adasindikiza mitolo ya Locke m'mabuku awiri a Musica Britannica, ndipo lero magulu a ma viol ku Ulaya ndi ku America amaiimba ndi kuijambula.

Izi zidatheka chifukwa munthu mmodzi adasunga zimene anzake ankati zatha ntchito. Kuno kwathu kaligo ndi bangwe akumveka kamodzikamodzi, ndipo nkhalamba yodziwa kuwaliza ikamwalira nyimbo zake zimatsikira nayo kumanda, pakuti palibe buku limene zidalembedwamo. Aphunzitsi ndi atsogoleri a makwaya a ku Nambuma, ku Mpherere, ku Mponela ndi ku Mvera ali ndi chida chimene Locke adalibe, ndicho foni ya m'thumba yotha kujambula mau. Ngati m'mudzi mwanu muli gogo amene akali ndi kaligo patsindwi, pitani mukamchezere chilimwe chino, mumpemphe aimbe, ndipo mulembe dzina lake, mudzi wake ndi chaka.